Zolemba za ntchito: kulondola ukatswiri wa a Vincent Carretta

Sabata 1

Ntchito yathu ndi kulemba nkhani yaitali m'Chichewa yokhudza a Vincent Carretta, pulofesa wa Chingerezi amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Maryland ku College Park ndipo tsopano anapuma. Ambiri amene anamvako dzina lawo amawadziwa pa chinthu chimodzi: ndi iwo anatulutsa mapepala awiri akale onena kuti Olaudah Equiano, kapolo amene anadziwombola n'kulemba buku la moyo wake, anabadwira ku Carolina ku America, pomwe mwini wakeyo analemba kuti anabadwira kudziko la Aigbo, kumene lero ndi ku Nigeria. Tikufuna kuonetsa njira imene anadzera kuti afike pa mapepalawo, chifukwa ukangowatchula popanda njirayo amamveka ngati miseche.

Tayamba ndi ndandanda ya mabuku awo potsata zaka. Awiri oyambirira sakhudza ukapolo n'komwe. The Snarling Muse la 1983 ndi George III and the Satirists from Hogarth to Byron la 1990 amanena za ndakatulo ndi zithunzi zonyogodola andale ndi mfumu ku Britain. Polemba koyamba tinadumpha zaka zimenezi ndi chiganizo chimodzi, koma tabwezeretsa ndime yathunthu. Chithunzi chonyogodola cha m'ma 1760 sichimveka mpaka utadziwa kuti jombo yojambulidwa pakonapo ikuimira Lord Bute, poti dzina lake limamveka ngati liwu la Chingerezi la jombo, ndiponso utadziwa mwezi umene chinatuluka ndi mkangano umene unali mkamwa mwa anthu nthawiyo. Wozolowera ntchito yotere sadutsa dzina kapena tsiku osalifufuza. M'kuona kwathu, chizolowezi chimenechi ndicho anapita nacho kwa Equiano.

Tagwirizananso kuika chiganizo chimodzi chochenjeza kumayambiriro. Wowerenga wa kuno akamva za ukapolo maganizo amathamangira ku Nkhotakota, kwa Jumbe ndi maulendo a ku Kilwa, zomwe ndi za m'ma 1800. Izi ndi za nyanja ya Atlantic m'ma 1700. Lamulo la Britain loletsa malonda a akapolo linabwera mu 1807, Equiano atagona m'manda zaka 10.

Sabata 2

Zaka za 1995 mpaka 2001 ndi zaka za ukonzi. Mu 1995 a Penguin anatulutsa buku la Equiano lokonzedwa ndi a Carretta. Mu 1996 kunabwera Unchained Voices, msonkhanitso wa olemba achikuda a Chingerezi a m'ma 1700, kuphatikizapo Briton Hammon, Ukawsaw Gronniosaw, John Marrant ndi Venture Smith. Kenako makalata a Ignatius Sancho mu 1998, buku la Ottobah Cugoano mu 1999, ndi zolemba zonse za Phillis Wheatley mu 2001.

Apa tapunthwa pawiri. Koyamba, buku la Equiano la ku Penguin lili mitundu iwiri, la 1995 ndi lokonzedwanso la 2003. Mawu oyamba ndi mawu a m'munsi ndi osiyana, chifukwa pakati pa zaka ziwirizi mpamene mkangano wa Carolina unabuka. Ndime ziwiri zathu zinasakaniza mabukuwa ndipo zinaonetsa ngati a Carretta ankadziwa zonse kuyambira 1995. Tazikonza, ndipo paliponse pamene tatchula bukuli tikuikapo chaka.

Kachiwiri, buku la Equiano lenilenilo silimodzi. Linatuluka ku London mu Malichi 1789 m'mavoliyumu awiri, pa mtengo wa masheleni 7, ndipo mpaka 1794 linasindikizidwa kasanu ndi kanayi iye ali moyo. Ankasintha mawu, kuwonjezera makalata omuchitira umboni, ndi kutalikitsa mndandanda wa anthu olipiriratu, umene pachiyambi unali ndi maina oposa 300. A Carretta anatenga la 1794, lomaliza limene mwini wake analigwira. Amene anawerenga Equiano's Travels, chidule chimene a Paul Edwards anakonza mu 1967 ndipo chinafala kudzera mu African Writers Series ya Heinemann, asadabwe akapeza ndime zimene sanazionepo. Lamulo lathu tsopano: mawu aliwonse a Equiano amene tawamasulira azikhala ndi chaka cha buku limene achokera.

Sabata 3

Sabata yonseyi yathera pa tebulo limodzi. Lili ndi madanga anayi: zimene Equiano analemba, zimene pepala la nthawiyo likunena, amene analemba pepalalo, ndi amene ayenera kuti anauza mlembiyo. Danga lachinayi ndilo lovuta, komanso ndilo lothandiza kwambiri.

A Carretta anafika pa zonsezi polemba mawu a m'munsi. Mkonzi akakumana ndi dzina la sitima amafuna kudziwa ngati sitimayo inalikodi, inali kuti mwezi umenewo, ndipo munali ndani. Asilikali apamadzi a Britain ankasunga kaundula wa anthu onse a m'sitima iliyonse, chifukwa malipiro ndi chakudya zinkawerengedwa potsata kaundulayo. Mabukuwa ali ku Kew, kumalo osungira zolemba za boma la Britain, m'gulu la ADM 36. Mzere uliwonse uli ndi nambala ya munthu, tsiku lolowa, dzina, udindo, ndi chilembo chosonyeza momwe anachokera: D ngati anamasulidwa, DD ngati anamwalira, R ngati anathawa.

Chimene owerenga ambiri sadziwa n'chakuti kaundulayu anavomereza Equiano pa zambiri. Nkhondo ya ku Louisbourg mu 1758, nkhondo yapamadzi ya ku Lagos kufupi ndi Portugal mu 1759 ali m'sitima ya Namur pansi pa Admiral Boscawen, za ku Belle Isle mu 1761, kugulitsidwa kwake ndi mbuye wake Michael Henry Pascal kwa kapitawo James Doran mu Disembala 1762: maina a masitima ndi a anthu akugwirizana ndi mapepala. Munthu amene analemba patapita zaka 30 anakumbukira bwino modabwitsa. Mizere imeneyi tayiika patsogolo mu tebulo mwadala, chifukwa kulemera kwa mizere yosagwirizana kumaoneka pokhapokha utaona kuchuluka kwa yogwirizana.

Yosagwirizana yoyamba ndi ya zaka. Equiano anati anabadwa mu 1745, anabedwa ali ndi zaka 11, ndipo anafika ku Falmouth ku England kumayambiriro kwa 1757. Mapepala akuonetsa kuti Industrious Bee, sitima imene anabwera nayo ndi Pascal kuchokera ku Virginia, inafika ku Falmouth mu Disembala 1754, ndipo pofika 1755 dzina lake lina la Gustavus Vassa lili kale m'kaundula wa sitima ya Roebuck. Masamu ake ndi awa: ngati 1745 ndi chaka cholondola, anafika ku England ali ndi zaka 9, ndiye kuti anabedwa ali ndi zaka 7 kapena 8, osati 11. Izi pazokha sizikuchotsa Africa m'nkhani. A Carretta omwewo anaonetsa kuti pali masitima amene akugwirizana ndi ulendo umene Equiano anafotokoza: Ogden, imene inafika ku Barbados mu Meyi 1754 kuchokera kugombe la Biafra, ndi kangalawa ka Nancy, kamene kanafika ku Virginia mu Juni chaka chomwecho. Koma zaka zitatu pa mwana n'zambiri. Zimene mwana wa zaka 11 angakumbukire za malamulo, ukwati ndi nkhondo za kwawo sizofanana ndi za mwana wa zaka 7.

Sabata 4

Mapepala awiri aja tsopano.

Loyamba ndi kaundula wa ubatizo wa tchalitchi cha St Margaret's ku Westminster, tsiku la 9 Febuluwale 1759. Mzerewo umati Gustavus Vassa, munthu wakuda wobadwira ku Carolina, wa zaka 12. Lachiwiri ndi kaundula wa sitima ya Racehorse mu 1773, paulendo wa Constantine Phipps wolowera kumpoto kwenikweni kwa dziko. Equiano anapita nawo monga wothandiza Dr Charles Irving, amene ankayesa makina osandutsa madzi a m'nyanja kukhala akumwa.  Kaundula wa Racehorse ali ndi munthu wolembedwa kuti Gustavus Weston, wa zaka 28, wobadwira ku South Carolina.

Wina pakati pathu anafunsa chifukwa chake akaundula a Roebuck ndi Namur sakunena kumene anabadwira. Yankho lake n'lapafupi ndipo taliika m'nkhani: madanga a zaka ndi malo obadwira anayamba kulembedwa m'mabukuwa kuyambira 1764. A m'ma 1750 alibe danga limenelo. Choncho pa akaundula a asilikali apamadzi amene muli dzina lake, wa 1773 ndiye anali ndi malo olembapo yankho.

Danga lachinayi likuti chiyani? Pa ubatizo anali mwana komanso kapolo. Wolankhula ndi mlembi ayenera kuti anali mbuye wake kapena omuimira pa ubatizo, a banja la Guerin, achibale a Pascal. Pepala limeneli lokha n'losavuta kulikankhira pambali. La 1773 ndiye lolemera, chifukwa panthawiyo anali munthu wamkulu komanso mfulu: anadziwombola kwa mbuye wake womaliza, Robert King, pachilumba cha Montserrat mu Julayi 1766. Panalibe mbuye womuyankhira.

Taonanso kuti mapepala awiriwa sakugwirizana okha pa zaka. Zaka 12 mu Febuluwale 1759 zikupereka 1746 kapena 1747. Zaka 28 mu 1773 zikupereka 1745, chaka chomwe chija cha m'buku lake. Alembi ambiri a nthawiyo ankangoyang'ana munthu n'kuyerekeza, ndiye sitikumangapo mfundo iliyonse.

Pali kanthu kena kamene tinatsala pang'ono kukaphonya. Mu Epulo 1792 nyuzipepala ziwiri za ku London, Oracle ndi Star, zinalemba kuti Equiano anabadwira pachilumba cha Santa Cruz cha a Denmark. Iye anayankha m'mabuku otsatira potchula anthu amene anamudziwa atangofika ku England asanadziwe chilankhulo china kupatula cha ku Africa. Mmodzi mwa iwo ndi Mrs Baynes, amene asanakwatiwe anali Miss Guerin, yemwe uja anamuimira pa ubatizo. Mayi mmodzi yemweyo ali mbali zonse ziwiri: analipo pamene mlembi ankalemba Carolina, ndipo patapita zaka 33 akutchulidwa monga mboni ya Africa. Ndime imeneyi taipatsa malo okwanira.

Sabata 5

A Carretta anatulutsa zimenezi mu 1999 m'magazini ya akatswiri ya Slavery and Abolition, kenako m'buku la mbiri ya Equiano la 2005, Equiano, the African: Biography of a Self-Made Man, losindikizidwa ndi University of Georgia Press. Polemba koyamba tinati "anatsimikiza kuti Equiano ananama". Chiganizo chimenechi tachifufuta. Iwo sananene zimenezo. Mfundo yawo ndi yakuti pali chifukwa chomveka chokayikira, kuti umboni ulipowu sungathetse nkhaniyo kotheratu, ndi kuti ngati anabadwira ku Carolina ndiye kuti anasonkhanitsa zimene anamva kwa akapolo ena ndi zimene anawerenga n'kuzipatsa liwu la munthu mmodzi. Equiano mwiniwake amatchula Anthony Benezet, wolemba wotsutsa ukapolo, m'mawu ake a m'munsi pofotokoza za Africa, ndipo katswiri wa ku Nigeria S. E. Ogude anali atalozapo kale za kubwereka kumeneku mu 1982.

Chifukwa chimene a Carretta amapereka choti Equiano akanachitira zimenezi chikukhudza nthawi. Pofika 1788 olimbana ndi malonda a akapolo anali ndi umboni wa madokotala a m'sitima, amalinyero ndi abusa, koma analibe munthu wa ku Africa wofotokoza yekha zimene zinkachitika pansi pa sitima pakati pa nyanja. Buku linatuluka mu Malichi 1789, ndipo phungu William Wilberforce analankhula motsutsa malondawo m'nyumba ya malamulo pa 12 Meyi chaka chomwecho.

Mbali inayo taipatsa malo ofanana. A Paul Lovejoy a ku York University ku Toronto anayankha mu 2006 m'magazini yomweyo. Iwo amatsamira pa zimene Equiano ankadziwa za Aigbo, monga mphini za pamphumi za akuluakulu, ndi pa ulendo wa ku Mosquito Shore, gombe la ku Central America, wa 1775 ndi 1776, pamene Dr Irving anamutuma kusankha akapolo ndipo iye anasankha amene anawatcha anthu akwawo. Mkanganowu sunathe, ndipo nkhani yathu siuthetsa.

Mawu atatu ativutitsa. "Kunama" tawakana chifukwa akuweruza mlandu umene sunagamulidwe. "Kupeka" ali bwinoko, poti wopeka nyimbo sitimutcha wabodza, koma tikuwagwiritsa ntchito pofotokoza mfundo ya a Carretta yokha. Mutu wa buku lawo uli ndi tanthauzo lapawiri, munthu wodzitukula yekha ndi munthu wodziumba yekha, ndipo palibe liwu limodzi la Chichewa lonyamula zonse ziwiri. Tawamasulira m'chiganizo chathunthu. Lachitatu ndi dzina. Pa ukwati wake ndi Susanna Cullen ku Soham mu 1792 ndi pa wilo yake anali Gustavus Vassa, dzina limene Pascal anamupatsa potengera mfumu ya ku Sweden. A Lovejoy amakonda kumutcha Vassa pa chifukwa chimenechi. Ife tikuti Equiano tikamanena za wolemba buku, Vassa tikamanena za munthu wa m'mapepala.

Sabata 6

Zolakwika zing'onozing'ono zimene tazipeza powerenganso.

Mtengo wa ufulu wa Equiano unalembedwa pawiri, pena mapaundi 40, pena mapaundi 70. Zonse n'zoona. 40 ndi ndalama za ku Britain, 70 ndi ndalama za pachilumba cha Montserrat, zimene zinali zochepa mphamvu, ndipo kalata yomumasula inalemba za pachilumbapo. Tafotokoza kamodzi n'kusunga 40. Sitikusintha ndalamazi kukhala makwacha.

Kusaka pa kompyuta m'mabuku akale ojambulidwa kumaphonya dzina lake kawirikawiri. Osindikiza a m'ma 1700 ankalemba s wamtali wofanana ndi f, ndipo makina owerenga zilembo amasandutsa Vassa kukhala Vaffa. Sakani zonse ziwiri. Koma Weston wa m'kaundula wa Racehorse si vuto la makina, ndi khutu la mlembi, ndipo dzina lotere ungalipeze pokhapokha utawerenga tsamba lonse ndi maso.

Masiku a chisanafike chaka cha 1752 afunika kusamala. Britain anasintha kalendala chaka chimenecho, pa 2 Seputembala panatsatira pa 14, ndipo kale chaka cha boma chinkayamba pa 25 Malichi. Izi zikukhudza Sancho kwambiri kuposa Equiano.

Sabata 7

Phillis Wheatley. Buku la a Carretta la mbiri yake linatuluka mu 2011, ndipo njira ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa akaundula a masitima muli mapepala a msonkho, a makhoti ndi a matchalitchi a ku Boston. Mwanayu anafika ku Boston ngati kapolo mu Julayi 1761 pa sitima yotchedwa Phillis, ndipo ndakatulo zake zinasindikizidwa ku London mu 1773, zili ndi chikalata cha amuna 18 otchuka a ku Boston, kuphatikizapo bwanamkubwa Thomas Hutchinson ndi John Hancock, chotsimikiza kuti analemba ndi iye. Nkhani yofala yakuti amunawa anamukhazika pansi m'chipinda chimodzi n'kumufunsa mayeso ilibe pepala loichitira umboni, monga a Joanna Brooks anaonetsera mu 2010. Tinailemba ngati yochitikadi, ndipo taichotsa.

Mfundo yaikulu ya a Carretta pano ndi ya ulendo wake wa ku London pakati pa 1773. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Juni 1772, Lord Mansfield anagamula pa mlandu wa James Somerset kuti mbuye sangakakamize kapolo kuchoka m'dziko la England. Mmodzi mwa amene anamuyendetsa Wheatley mu London anali Granville Sharp, yemwe anayendetsa mlandu wa Somerset. A Carretta amati mtsikanayu ankadziwa kuti akhoza kukana kubwerera, ndipo anabwerera atalonjezedwa ufulu. Kalata yake kwa David Wooster ya pa 18 Okutobala 1773 ikunena kuti wamasulidwa. Palibe pepala la pangano lenilenilo, choncho mu tebulo mfundoyi ili pansi pa kutanthauzira, osati pansi pa umboni.

Za mwamuna wake John Peters, mabuku akale ankatsata Margaretta Odell, amene analemba mu 1834, patapita zaka 50 Wheatley atamwalira, ndipo anamujambula Peters ngati munthu wachabechabe. Mapepala akuonetsa wamalonda wodziwa kuyenda m'makhoti amene anamira m'ngongole nthawi ya nkhondo. Tsiku la ukwati nalo talikonza: 1 Epulo 1778 ndi tsiku lolengeza, ukwati unachitika pa 26 Novembala.

Buku la 2011 linali ndi mpata wa zaka zingapo kumayambiriro kwa m'ma 1780, pamene banjali linasowa m'mapepala a ku Boston. Mu 2021 a Cornelia Dayton anawapeza m'mapepala a khoti a ku Essex County: anali ku Middleton, Massachusetts. Mu 2023 a Carretta anatulutsanso bukulo litakonzedwa, ndipo pamutu pake anawonjezera dzina la Peters. Apanso tikuika chaka paliponse pamene tatchula bukuli.

Sabata 8

Ndime ya Philip Quaque yatha. Ndi yaifupi: munthu woyamba wa ku Africa kudzozedwa unsembe mu Church of England mu 1765, wansembe wa pa linga la Cape Coast Castle, kumene lero ndi ku Ghana, kuyambira 1766 mpaka imfa yake mu 1816, ndipo makalata ake a Carretta anawakonza pamodzi ndi a Ty M. Reese mu 2010. Ikufunikabe chiganizo chimodzi chonena mosabisa kuti ankagwira ntchito m'linga limene pansi pake munkasungidwa akapolo.

Chatsala ndi chithunzi. Chimene tinasankha poyamba, cha mwamuna wovala jekete lofiira chimene chili ku Royal Albert Memorial Museum ku Exeter, chakhala pa zikuto za mabuku ambiri ngati Equiano, koma akatswiri sachivomerezanso kuti ndi iye. Tachichotsa. Tiika cha kutsogolo kwa buku la 1789, chojambulidwa ndi William Denton n'kuzokotedwa ndi Daniel Orme, chimene mwini wake anachiona n'kuchilola. Wagwira Baibulo lotsegula pa Machitidwe 4:12. Tikufunika kope loyera bwino loti nambala ya vesiyo iziwerengeka pa foni, chifukwa limene tili nalo pano likachepetsedwa 12 akuoneka ngati 17.